Mkono Wamanzere wa David Livingstone

Amayi anzanga, dzina la David Livingstone si lachilendo kwa ife. Ndiwo anafika pa Nyanja ya Malawi mu September 1859, ndipo mawu amene analankhula ku Cambridge mu 1857 ndiwo anabala mishoni ya UMCA imene inatumiza Bishopu Mackenzie ku Magomero. Chimene sitinena kawirikawiri n'chakuti maulendo onsewo anawayenda ndi mkono wolumala.

Anabadwa mu 1813 ku Blantyre wa ku Scotland, ndipo anafika ku Africa mu 1841 ataphunzira udokotala. Mu February 1844, ali ku Mabotsa m'dziko la South Africa, mikango inavuta kugwira ziweto, ndipo iwo anapita nawo kokasaka. Anawombera mkango umodzi, koma akuikanso zipolopolo m'mfuti, mkangowo unawalumphira n'kuwagwira paphewa. Mphunzitsi wachikuda dzina lake Mebalwe analozetsa mfuti yake, mfutiyo n'kukana kulira. Chilombocho chinasiya mzungu n'kuluma Mebalwe pantchafu, chinalumanso bambo wina amene anabwera ndi mkondo, kenaka chinagwa n'kufa ndi zipolopolo zoyamba zija. Mebalwe ameneyu tizimukumbukira, pakuti popanda iye bwenzi nkhani itathera pomwepo.

Fupa la mkono wamanzere linaphwanyika, ndipo mano anasiya mabala 11. Chipatala kunalibe, dokotala anali wovulalayo. Analimanga fupalo mothandizidwa ndi mmishonale mnzawo, Roger Edwards, kenaka anakachirira ku Kuruman. Kumeneko ankawasamalira ndi Mary Moffat, ndipo mu January 1845 awiriwa anakwatirana.

Fupa silinalumikizane bwino, mkono sunkathanso kukwera kupitirira phewa. Iwo sanadikire kuti ubwerere mwakale, anasintha kagwiridwe ka zinthu. Popeza wamanzerewo sukanatha kuchirikiza mfuti, anaphunzira kuiika paphewa lamanzere kuti kulemera kwake kukhale kudzanja lamanja. Ali chomwecho anafika ku Luanda mu 1854, anaona mathithi a Mosi-oa-Tunya mu 1855, n'kutulukira ku Quelimane mu 1856.

Kulimba mtima kumeneku kunali ndi mtengo wake, ndipo wambiri analipira ndi Mary. Anakhala zaka zambiri ku Britain yekha ndi ana, ndipo atalondola mwamuna wake ku Zambezi anamwalira ndi malungo ku Shupanga mu April 1862.

A Livingstone anamwalira mu May 1873 kwa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia. Susi ndi Chuma ndi anzawo anakwirira mtima wawo pansi pa mtengo, n'kuumitsa thupi ndi kulinyamula miyezi yambiri mpaka ku Bagamoyo. Litafika ku London mu April 1874, nkhope inali yovuta kuizindikira. Dokotala Sir William Fergusson anayang'ana mkono wamanzere, anapeza fupa lija la ku Mabotsa lomwe silinalumikizane kwa zaka 29, natsimikiza kuti thupilo linalidi la David Livingstone. Anawaika ku Westminster Abbey pa 18 April.