Geoffrey Chaucer, Mlakatuli wa Amwendamnjira

Pa 29 Disembala Mpingo umakumbukira Thomas Becket Woyera, Arkiepiskopi wa ku Canterbury m'dziko la England. Asilikali anayi a Mfumu Henry II adamuphera m'tchalitchi chake chomwe mu 1170 chifukwa adakana zoti mfumu izilamulira Mpingo. Papa Alexander III adamuika m'gulu la oyera mu 1173, ndipo kwa zaka zoposa 350 akhristu ankayenda masiku angapo kukapemphera pamanda ake, mpaka Mfumu Henry VIII idalamula kuti malowo agumulidwe mu 1538. Maulendo onsewo adaiwalika, koma umodzi ukuwerengedwabe mpaka lero. Ndi ulendo wopeka umene adaulemba Geoffrey Chaucer, mlakatuli wamkulu wa Chingerezi wa nthawi imeneyo.

Chaucer adali mkhristu wamba, bambo wapabanja komanso wantchito wa boma. Mbiri yake ili ndi malo m'kalata ya parishi chifukwa adaona zofooka za Mpingo wa masiku ake ndi maso awiri, adazilemba mosabisa, koma buku lake lalikulu adalitseka ndi phunziro la kulapa ndi pempho loti anthu amupempherere.

Ubwana wake

Adabadwira ku London cha m'ma 1343. Bambo ake, a John Chaucer, ankapikulitsa vinyo pafupi ndi mtsinje wa Thames, pamene zombo zochokera ku France zinkatsitsira migolo. Mwanayo asanakwanitse zaka zisanu ndi ziwiri, mliri woopsa wa 1348 ndi 1349 udasesa dziko lonse, ndipo pa anthu atatu alionse padafa mmodzi kapena kuposerapo. Ansembe adafa ochuluka zedi poti ndiwo ankalowa m'nyumba za odwala kukawadzoza ndi kuwamvera machimo. Banja la a Chaucer lidapulumuka.

Dzina lake likuonekera koyamba mu 1357 m'kaundula wa ndalama wa nyumba ya Elizabeth de Burgh, mpongozi wa Mfumu Edward III, momwe mudalembedwa kuti mnyamata wotumikirayu adamugulira malaya, nsapato ndi buluku lofiira ndi lakuda. Mu 1359 adapita ku nkhondo ku France, nagwidwa pafupi ndi mzinda wa Reims. Chaka chotsatira mfumu idathandiza kumuombola popereka mapaundi 16. Cha m'ma 1366 adakwatira Philippa Roet, yemwe ankatumikira mfumukazi. Mmodzi mwa ana awo, Thomas, adadzakhala sipikala wa Nyumba ya Malamulo.

Usana msonkho, usiku ndakatulo

Mfumu idamutuma maulendo angapo kunja. Mu 1372 ndi 1373 adali ku Genoa ndi ku Florence, ndipo mu 1378 adafika ku Milan. Maulendo a ku Italy amenewa adamudziwitsa zolemba za Dante, Petrarch ndi Boccaccio. Dante adali ataonetsa kale kuti chinenero cha pamsika chingathe kukamba za Gehena, Purigatoriyo ndi Kumwamba mosachita manyazi pamaso pa Chilatini.

Mu 1374 Chaucer adalandira udindo woyang'anira msonkho wa ubweya wa nkhosa ndi zikopa padoko la London. Ntchitoyo tingaifanizire ndi ya anthu otolera msonkho pachipata cha Nayuchi kapena cha Mwanza, kungoti ubweya ndiwo udali fodya wa England wa nthawiyo, chuma cha mfumu chinkadalira pamenepo. Lamulo lidali loti makaundula azilemba ndi dzanja lake. Adagwira ntchitoyi zaka 12 akukhala m'zipinda za pamwamba pa chipata cha mzinda chotchedwa Aldgate. M'ndakatulo yake ina amadziseka yekha kuti akaweruka ku masamu a ku ofesi ankathamangira kunyumba kukatsegula buku lina mpaka maso kuchita chidima, osadziwa ngakhale za anansi ake.

Zaka zimenezo zidali zovuta. Kuyambira mu 1378 kudali anthu awiri odzitcha Papa, Urban VI ku Roma ndi Clement VII ku Avignon, ndipo mayiko achikhristu adagawikana. John Wycliffe, mphunzitsi wa ku Oxford, ankatsutsa chuma cha atsogoleri a Mpingo ndi ziphunzitso zake zina. Mu 1381 alimi otopa ndi msonkho adaukira boma, ena mwa iwo adalowera pachipata cha Aldgate chomwecho, ndipo adadula mutu Arkiepiskopi Simon Sudbury.

Chinenero cha kudambwe ndi kumunda

Lero Chingerezi ndicho chinenero cha mayeso, cha khoti ndi cha makalata ofunsira ntchito, mwakuti makolo ena amanyadira mwana akamalephera Chichewa, Chiyao kapena Chilhomwe. Ku England komweko zinthu zidali mwina. Kuchokera mu 1066, pamene dzikolo lidagonjetsedwa ndi ankhondo a ku Normandy, mafumu ndi nduna ankayankhula Chifalansa, ophunzira ndi ansembe ankalemba Chilatini, ndipo Chingerezi chidatsalira alimi ndi antchito. Mudali mu 1362, Chaucer ali mnyamata wa zaka pafupifupi 20, pamene padakhazikitsidwa lamulo loti milandu izikambidwa m'Chingerezi.

Chaucer ankadziwa Chifalansa, Chilatini ndi Chitaliyana, koma ndakatulo zake zonse adazilemba m'chinenero cha kwawo. Ina mwa zoyamba ndi pemphero kwa Amayi Maria lotchedwa An ABC, lomwe adalimasulira kuchokera kwa mmonke wa ku France, Guillaume de Deguileville. Lili ndi ndime 23, iliyonse yoyamba ndi chilembo chotsatira cha alifabeti, ndipo wopempherayo ndi munthu wochimwa wothawira kwa Amayi ngati mwana. Adalembanso The Book of the Duchess polira Blanche, mkazi wa John of Gaunt, yemwe adamwalira mu 1368. Adamasulira buku la Boethius, munthu yemwe adalemba ali m'ndende akudikira imfa, akusinkhasinkha chifukwa chake Mulungu amalola olungama kuzunzika. M'ndakatulo ya The Parliament of Fowls mbalame zimasonkhana pa tsiku la Valentine Woyera kusankhana, ndipo iyi ndi imodzi mwa zolemba zakale kwambiri zogwirizanitsa tsikuli ndi chikondi. Troilus and Criseyde, ya mizere yoposa 8,000, ndi nkhani ya chikondi chothera m'misozi, ndipo imatsekedwa ndi pemphero kwa Utatu Woyera.

Ulendo wa ku Canterbury

Mu 1386 adakhala phungu woimira dera la Kent, nasiya ntchito ya msonkho. Cha m'ma 1387, nthawi yomwe mkazi wake adamwalira, adayamba The Canterbury Tales, ndipo adalimbana nalo mpaka imfa yake.

Bukuli limayamba mwezi wa Epulo pa nyumba ya alendo yotchedwa Tabard ku Southwark. Amwendamnjira pafupifupi 30 opita ku manda a Thomas Woyera akumana mwangozi, ndipo mwini nyumbayo akuwauza kuti aliyense azikamba nthano panjira, wopambana adzadya mgonero waulere pobwerera. Aliyense amene adakwerapo sitima ya ku Nayuchi akudziwa gulu lotere: mphunzitsi, wogulitsa nsomba za ku Chiuta, sisitere, msilikali, mayi wa mpunga ndi chidakwa, onse pabenchi limodzi. Gulu la Chaucer lili ndi msilikali wolemekezeka, mwini chigayo, wophika, dokotala, loya, wamalonda wobisa ngongole zake, ndi mayi wa ku Bath amene adakwatiwa kasanu napita ku Yerusalemu katatu. Chaucer adalemba nthano 24 zokha, ndipo gululo silifika n'komwe ku Canterbury.

Anthu a Mpingo sadawanyengerere. Mmonke wake amakonda uzimba ndi akavalo kuposa kupemphera. Mkulu wa asisitere amadyetsa tiagalu take nyama yootcha. Wansembe wina wa chipani chopemphetsa amapereka chilango chopepuka mu kulapa kwa amene akuoneka kuti aperekapo kanthu, ndipo malo omwera mowa amawadziwa kuposa nyumba za akhate. Woipitsitsa ndi wogulitsa makalata a chikhululukiro. Masiku amenewo Mpingo unkatuma anthu kukasonkhetsa zachifundo zomangira zipatala ndi matchalitchi, ndipo ambiri adasandutsa ntchitoyo geni. Uyu amayenda ndi mafupa a nkhumba m'botolo n'kumati ndi a oyera, komanso nsalu ya pilo yomwe amati ndi mpango wa Amayi Maria. Amaulula yekha kwa anzake a paulendo kuti amalalikira zotsutsa umbombo pofuna kudzaza thumba lake.

Chodabwitsa n'choti nthano ya munthu wachinyengoyu ndi imodzi mwa zogwira mtima kwambiri. Anyamata atatu ali pamowa akumva kuti mnzawo watengedwa ndi Imfa, ndipo akulumbira kuti akaisaka n'kuipha. Nkhalamba ina ikuwalozera patsinde pa mtengo, ndipo pamenepo akupeza mulu wa golide. Akutuma wamng'ono kutauni kukagula buledi ndi vinyo kuti adikire mdima. Awiri otsalawo akupangana zomubaya akabwera kuti agawane awiri. Iyenso panjira waganiza zotenga zonse yekha, ndiye wathira poizoni m'mabotolo awiri. Atafika akumupha, kenako akukhala pansi kumwa vinyoyo. Imfa imene ankaifuna adaipezadi patsinde paja. Phunziro lake ndi la pa 1 Timoteo 6:10, ndipo likhalabe loona ngakhale wolilalikirayo ndi tambwali. Mchitidwe wogulitsa chikhululukirowu Mpingo udadzauthetsa: Msonkhano wa ku Trent udachotsa udindo wa osonkhetsawo mu 1562, ndipo Papa Pius V adaletsa mu 1567 chikhululukiro chilichonse cholumikizidwa ndi ndalama.

Akuluakulu amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Chaucer sadavomereze zimenezi. M'gulu lomwelo adaikamo bambo mfumu wa parishi ya kumudzi, wosauka koma wophunzira. Parishi yake ndi yaikulu, nyumba zili patalipatali, koma kugwe mvula kapena ziphaliwali amatenga ndodo n'kuyenda pansi kukaona wodwala wa kumalire. Osauka akalephera mtulo sawaopseza, amawagawira zake zomwe. Sasiya nkhosa zake kukasaka ntchito yofewa ku London. Wochimwa wolapa amamulandira mofatsa, koma wouma mutu amamudzudzula, kaya ndi wolemera kaya ndi wosauka. Mbale wake wa bere limodzi ndi mlimi wonyamula manyowa, amene amalimira anansi ake osauka kwaulere chifukwa cha Khristu. Anthu awiriwa Chaucer sadawaseke ngakhale pang'ono.

Si zonse za m'bukuli zoyenera kuyamikidwa. Muli nthano zina zolaula. Muli nthano ya mkulu wa asisitere yomwe imabwereza bodza lakale loti Ayuda amapha ana achikhristu, bodza lomwe lidaphetsa anthu osalakwa ku Ulaya. Chidani chotere Msonkhano Wachiwiri wa Vatican udachidzudzula poyera mu 1965. Koma mulinso mbiri ya Cecilia Woyera, nkhoswe ya makwaya, yolembedwa mwaulemu ndi mwachikhulupiriro.

Mawu otsiriza adawapereka kwa bambo mfumu uja. Dzuwa likupendeka, gulu likuyandikira mudzi wina, iye akukana kukamba nthano yopeka. M'malo mwake akufanizira ulendo wawo ndi ulendo wopita ku Yerusalemu wa Kumwamba, naphunzitsa za Sakramenti la Kulapa: kumva chisoni mumtima, kuulula machimo ndi pakamwa, ndi kukonza zimene zidaonongeka. Akufotokozanso mizu isanu ndi iwiri ya machimo, uliwonse ndi mankhwala ake.

Masiku ake otsiriza

Kuyambira 1389 mpaka 1391 Chaucer adali woyang'anira zomangamanga za Mfumu Richard II, ndipo mu 1390 achifwamba adamulanda ndalama panjira. Mu 1391 adalembera mwana wake Lewis, wa zaka khumi, kabuku kophunzitsa kagwiritsidwe ntchito ka chipangizo choyezera nyenyezi, ndipo adakalemba m'Chingerezi chosavuta poti mwanayo Chilatini adali asanachidziwe bwino. Mu Disembala 1399 adachita lendi nyumba m'munda wa Westminster Abbey, pafupi ndi kachalitchi ka Amayi Maria, pa mgwirizano wa zaka 53. Sadakhalemo ngakhale chaka. Pamanda ake padalembedwa kuti adamwalira pa 25 Okutobala 1400. Adamuika m'tchalitchi cha amonkewo, ndipo mu 1556 adamumangira chiliza. Alakatuli ena adayamba kuikidwa pafupi naye, mpaka malowo adatchedwa Poets' Corner. William Caxton atabweretsa makina osindikizira mabuku ku England cha m'ma 1476, The Canterbury Tales lidali limodzi mwa mabuku oyamba kusindikizidwa.

Mkhristu wa lero amene wakhumudwa ndi mtsogoleri wokonda ndalama, kapena ndi mlaliki wogulitsa madalitso m'mabotolo, nthawi zambiri amaona njira ziwiri zokha: kukhala chete kapena kuchoka. Chaucer adatchula cholakwa ndi dzina lake, adaonetsanso wansembe wabwino amene anthu sankamuona chifukwa cha phokoso la oipa, ndipo iye mwini adadziika m'gulu la amwendamnjirawo ngati mmodzi wa ofunika chifundo.

Patsamba lomaliza la bukuli Chaucer akuyankhula m'dzina lake. Akuti ngati muli chabwino, ayamikidwe ndi Ambuye Yesu. Akutchula mabuku ake amodziamodzi, akupepesa chifukwa cha nthano zokokera anthu ku tchimo, akuthokoza Khristu ndi Amayi Maria chifukwa cha buku la Boethius ndi mbiri za oyera, napempha chisomo cha kulapa koona asanafe. Akupemphanso aliyense womva kapena wowerenga bukulo kuti amupempherere. Papita zaka zoposa 600, ndipo pempholi likadali patsamba lomwelo. Tsiku la imfa yake limagwa masiku asanu ndi atatu lisanafike la 2 Novembala, pamene Mpingo umapempherera okhulupirira onse amene adatsogola.