William Penn ndi nyumba yopemphereramo ya ku Jordans

Ku Jordans, kamudzi ka m'chigawo cha Buckinghamshire ku England, kuli nyumba ya njerwa yomwe inamangidwa mu 1688. Mlendo angaiyese nyumba ya mlimi. M'katimo mulibe guwa kapena mtanda, muli mabenchi okha, pakuti eni ake, a mpingo wa Quaker, amapemphera chamumtima popanda wansembe. Pabwalo pake ndi pamene pagona William Penn.

Penn anabadwira ku London mu 1644, mwana wa mkulu wa asilikali a pamadzi. Atalowa mpingo wa Quaker, bambo ake anamuthamangitsa pakhomo. Nthawiyo lamulo linkaletsa misonkhano ya mapemphero ya kunja kwa mpingo wa Anglican. Mu 1670 boma litatseka nyumba yawo yopemphereramo ya mu Gracechurch Street, Penn analalikira pamsewu pomwepo, ndipo anamangidwa. Anthu 12 osankhidwa kugamula mlanduwo anakana kumupeza wolakwa, ngakhale anawatsekera usiku uwiri osadya.

Mu 1681 Mfumu Charles II, pobweza ngongole ya mapaundi 16,000 yomwe inali nayo kwa malemu bambo ake, inamupatsa dera lalikulu ku America, lotchedwa Pennsylvania. Kumeneko Penn anakhazikitsa lamulo loti wokhulupirira Mulungu mmodzi asazunzidwe chifukwa cha chipembedzo chake. Akatolika anapumirapo: mu 1733 Bambo Joseph Greaton, wa chipani cha Ajezuiti, anatsegula tchalitchi cha St Joseph mu mzinda wa Philadelphia, ndipo Misa inkachitika poyera pamene ku England unali mlandu. Chomvetsa chisoni n'chakuti ufulu umene ankaulalikirawo sunafike kwa akapolo omwe ankamugwirira ntchito ku Pennsbury.

Nyumba ya ku Jordans inamangidwa Mfumu James II, Mkatolika komanso bwenzi la Penn, italola mu 1687 kuti mipingo ina izipemphera momasuka. Ubwenziwo unamuika Penn m'mavuto: ena ankamunena kuti ndi Mjezuiti wobisala, ndipo mfumuyo itachotsedwa pampando, anamuganizira zoukira boma. Atakalamba anakhalako m'ndende chifukwa cha ngongole. Anamwalira mu 1718 ali wosauka.

Mu 1881 boma la Pennsylvania linapempha kuti mafupa ake akaikidwe mwaulemu ku Philadelphia. A Quaker anakana. Akadali ku Jordans komweko, pafupi ndi Gulielma, mkazi wake woyamba, ndi Hannah, amene anamukwatira atafedwa.