Norman Carr, Kakuli wa m'Cigwa ca Luangwa

Munthu wocokera ku Vubwi, ku Katete kapena ku Sinda akafika ku Chipata natsata mseu wopita ku Mfuwe, amatsika mapiri mpaka kulowa m'cigwa cotentha ca Luangwa, cimene kumadzulo kwace kwachingidwa ndi mapiri a Muchinga. M'cigwa cimeneci ndimo munakhala ndi kugwira nchito Bambo Norman Carr, mzungu amene anayamba moyo wace monga mlenje wa njobvu, koma anatsiriza ali mtetezi wa nyama za kuthengo.

Bambo Carr anabadwa m'caka ca 1912 ku Chinde, pamene mtsinje wa Zambezi umathira m'nyanja, m'dziko limene lero lichedwa Mozambique. Makolo ao anakhala ku Nyasaland, ndipo iwo anatumizidwa ku England kukaphunzira sukulu. Atabwerako, mtima wao sunali pa nchito ya mu ofesi ai. Anatenga mfuti nayamba kusaka njobvu cifukwa ca minyanga, monga anali kucitira azungu ambiri masiku amenewo.

Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, Boma la Northern Rhodesia linawalemba nchito yoteteza minda ya anthu ku njobvu m'cigwa ca Luangwa. Alimi adziwa bwino kuti njobvu zikalowa m'munda wa cimanga kapena mapira usiku umodzi wokha, banja lonse limagona ndi njala caka cathunthu. Nchito ya Bambo Carr inali kulondola njobvu zoononga zotere ndi kuziombera. Anali kuyenda pansi masiku ambiri pamodzi ndi alenje a Cikunda, amene anawaphunzitsa kuwerenga mapazi a nyama, kuona kumene mphepo icokera ndi kumva tanthauzo la kulira kwa mbalame. Pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse analowa usilikali m'gulu la King's African Rifles, ndipo nkhondo itatha anabwerera ku nchito ya nyama.

Pa maulendo amenewa anaona cinthu cimene akuluakulu a Boma la atsamunda sanali kucisamala. Lamulo linali kuletsa eni dziko kusaka nyama zimene makolo ao anali kudya kuyambira kale, koma nyama zomwezo zinali kuwathera mbeu. Munthu wa m'mudzi sanali kupindula kanthu ndi njobvu yamoyo. Bambo Carr anazindikira kuti lamulo ndi mfuti pazokha sizingasunge nyama ngati anthu okhala nazo pafupi aziona monga adani.

Motero m'caka ca 1950 anakambirana ndi Mfumu Yaikuru Nsefu ya Akunda, ndipo mfumuyo inabvomera kupatula mbali ina ya dziko lace, kum'mawa kwa mtsinje wa Luangwa, kuti akhale malo osungira nyama. Pamenepo panamangidwa msasa wa Nsefu, wa nyumba zozungulira, wolandira alendo obwera kudzaona nyama ndi kuzijambula m'malo mozipha. Ndalama zimene alendowo anali kulipira zinali kulowa m'thumba la ufumu wa Akunda. Ici cinali cinthu cacilendo pa nthawi imeneyo, ndipo ulemu wace uyenera kupita kwa anthu awiri: wobweretsa ganizo, ndi mfumu imene inapereka dziko.

Pambuyo pace Bambo Carr anatumizidwa kukayang'anira paki ya Kafue. Kumeneko analera ana awiri a mkango amasiye, anawacha Big Boy ndi Little Boy, ndipo atakula anawabwezera kuthengo m'cigwa ca Luangwa. Nkhani imeneyi anailemba m'buku lochedwa Return to the Wild, limene linaturuka m'caka ca 1962.

Koma cimene cinamveketsa kwambiri dzina lao ndi ulendo woona nyama poyenda pansi, umene anaukhazikitsa m'zaka za m'ma 1960. Aliyense woyenda pansi kapena wopalasa njinga m'mapiri a ku Vubwi adziwa kuti amaona zambiri zimene wokwera galimoto amazipitirira. Kuthengo nakonso ndi cimodzimodzi. Alendo owerengeka amanyamuka m'mamawa dzuwa lisanatenthe, nayenda pa mzere umodzi mwakacetecete. Patsogolo pamakhala sikauti wa Boma wonyamula mfuti, pambuyo pace wotsogolera alendo, ndipo kumapeto wonyamula madzi ndi tiyi. Amayenda moyang'anizana ndi mphepo kuti nyama zisamve pfungo lao. Mfuti njoteteza moyo basi. Maulendowa amacitika m'cilimwe, kuyambira mwezi wa Juni mpaka Okutobala, pamene udzu wauma ndipo njati, nswala, mbidzi ndi njobvu zimasonkhana pafupi ndi madzi. Mwambo umenewu unafalikira ku maiko ena a mu Afirika, ndipo unatsegulira ana a m'cigwamo nchito zambiri.

M'caka ca 1972 Boma la Zambia linakhazikitsa paki ya South Luangwa, yaikuru masikweya kilomita 9,050, ndipo dera la Nsefu linalowa m'menemo. Koma zaka zotsatira zinali zowawa. Anthu opha nyama mwakuba, otumidwa ndi ogula minyanga a kunja, anapha njobvu zikwi zambiri. Bambo Carr anali mmodzi wa anthu amene anayambitsa bungwe la Save the Rhino Trust kuti apulumutse cipembere, koma nkhondo imeneyi sanaipambane. Cipembere cakuda cinatheratu m'Zambia, mpaka m'caka ca 2003 pamene zina zinabweretsedwa ku North Luangwa kucokera ku South Africa.

Atakalamba anamanga malo a alendo ochedwa Kapani pafupi ndi Mfuwe, nayambitsa thumba lolipirira ana a m'midzi sukulu, pakuti anakhulupirira kuti mwana wophunzira ndiye adzasunga cuma ca kwao. Anthu anawacha Kakuli, dzina la njati yamphongo yokalamba imene imasiya gulu nikhala payokha. Anamwalira m'caka ca 1997 ali ndi zaka 84.

Caka cotsatira, 1998, Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la nyama za kuthengo limene linakhazikitsa mabungwe a m'midzi olandira gawo la ndalama zocokera ku nyama. Mkangano wa mlimi ndi njobvu sunathe m'cigwa ca Luangwa, ndipo funso limene Bambo Carr ndi Mfumu Nsefu anayamba kuliyankha m'caka ca 1950 likalipo: kodi mwini munda amene njobvu zamdyera cimanga alandirapo ciani?