M'bona wa ku Khulubvi, Amene Adaphedwa ndi Abale Ake Chifukwa cha Mvula

M'chigwa chonse cha Shire, kuyambira ku Chikwawa kutsikira ku Nsanje mpaka kutsidya kwa malire a Mozambique, palibe munthu wamkulu amene sadamvepo dzina la M'bona. Mkristu wina amalitchula monong'ona, wina amakana kulitchula konse. Koma mvula ikachedwa, dzuwa likayamba kupsereza mapira ndi thonje m'minda, dzinalo limamvekanso m'mabwalo ndi m'madimba. Nkwabwino tsono kuti akristu, makamaka aphunzitsi a katekisimu, aidziwe bwino mbiri ya munthu ameneyu, pakuti pansi pa zodabwitsa zonse zimene anthu amamsimbira pagona mlandu wa pachibale umene sudathe m'midzi kufikira lero, ndiwo kaduka ka mwini mbumba pa mwana wa mlongo wake.

M'masiku a M'bona kudalibe wolemba pakati pa Amang'anja, kotero mbiri yake idasungidwa pakamwa pa akuluakulu, ndipo mudzi uliwonse umaisimba mwakemwake. Mzungu wa boma, W. H. J. Rangeley, adalembako mu 1953. Pambuyo pake Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Holland, amene adafika m'dziko muno mu 1955 nagwira ntchito m'chigwa momwemo, adasonkhanitsa nthano zambiri za M'bona, nazilemba m'buku lotchedwa River of Blood, lotuluka mu 1992. Zimene zili m'munsimu ndizo mfundo zimene nthano zambiri zimagwirizanapo.

M'bona adabadwa m'banja la eni mvula. Mai wake, amene ena amamtcha Chembe, adali mlongo wa Mlauli, munthu wotchuka amene mafumu ankamtuma kukapempha mvula pa kachisi. Nthano zina zimaika banjali kumpoto, ku Kaphirintiwa, zina ku Mbewe ya Mitengo, kwa mfumu Lundu, pafupi ndi Chikwawa. Chofunika kuchigwira apa ndi ichi: mwa mwambo wa Amang'anja wolowa dzina ndi udindo wa munthu si mwana wake wobala iye ai, koma mwana wa mlongo wake. Motero Mlauli poyang'ana M'bona ankaona mnyamata amene adzakhale pa mpando wake iye atagona m'manda. Mtsibweni wa mtima wabwino amakondwa poona mwana wotere akukula ndi nzeru, namphunzitsa zonse adakali moyo. Wa mtima wopapatiza amaona ngati akumkumbira manda.

Chaka china kudagwa chilala choopsa. Mitsinje idaphwa, ziweto zidayamba kufa, ndipo mfumu idaitana Mlauli kuti achite ntchito yake. Mlauli adathira nsembe, navina gule woitana mvula, koma kumwamba kudangoti mbee. Adabwereza, osaphula kanthu. Pamenepo anthu adaloza M'bona, amene adali wamng'ono ndi wosawerengedwa. Mnyamatayo atalowa m'bwalo nayamba kuvina, mitambo idasonkhana, mphambe zidang'anima, ndipo mvula idagwa yokhutitsa dziko. Ena amaonjeza kuti tsiku lomwelo mphezi idapha mwana wa Mlauli, amene adatuluka panja pamene ana onse adauzidwa kuti akhale m'nyumba.

Mvula imeneyo idagwanso pa munda wa Mlauli. Idadzaza chitsime chimene mkazi wake ankatungapo, nipulumutsa mbumba yake yomwe ku njala. Koma kaduka sikawerengera zotere. Chimene chidamuwawa Mlauli nchakuti dalitsolo lidadzera m'manja mwa wina, pamaso pa mfumu ndi pa anthu onse. Iye adazolowera kuganiza kuti mvula ndi chuma chake ngati mbuzi za m'khola, naiwala kuti ngakhale makolo akale, asanamve Mthenga Wabwino, ankadziwa kuti mwini mvula ndi Mulungu, amene ankamtchulanso Chauta ndi Mphambe, ndi kuti munthu wa pa kachisi ndi wopempha chabe.

Popeza sakadatha kukana kuti mvula yagwa, Mlauli adapotoza tanthauzo lake. Adafalitsa mau akuti M'bona ndiye adamanga mvula ndi mankhwala kuti achititse manyazi mtsibweni wake, naimasula pa nthawi imene adafuna yekha. Bodza limeneli lidali lochenjera, pakuti lidasandutsa chabwino chimene mnyamatayo adachita kukhala umboni womtsutsa. M'masiku amenewo woneneredwa ufiti ankamwetsedwa mwabvi. M'bona ataona kuti abale ake omwe ndiwo akumfunira imfa, adanyamuka nathawa kulowera kumwera.

Za ulendo wakewo anthu amasimba zambiri: kuti adatulutsa madzi pa mchenga wouma, kuti pamene adapumula padamera mpunga, kuti adasiya chizindikiro cha thupi lake pa thanthwe monga pa Mwala Umodzi, kuti adani akamyandikira ankasanduka nkhanga kapena kubisala m'nkhalango yongophuka pomwepo. Mkristu sakakamizidwa kuvomera zonsezi monga zidachitikadi. Ndiwo mau amene anthu osauka amavekera munthu amene adamkonda. Koma nkoyenera kuona kuti pa zizindikiro zonsezi palibe chakupha munthu. Wothawayo akumbukiridwa ndi madzi, mbeu ndi mthunzi; omthamangitsawo ndi mikondo.

Adampeza atatopa, pafupi ndi phiri la Malawi m'dziko la Nsanje. Adamlasa ndi mivi, namtema ndi zitsulo, koma nthano zimati chitsulo sichidamlowe. Potsiriza M'bona mwini adawaululira kuti amcheke pakhosi ndi tsamba la bango, ndipo adatero. Magazi ake adayenderera nasanduka mtsinje wa Ndione. Mutu wake adaunyamula nakauika m'nkhalango ya Khulubvi, kumene adamanga kachisi. Nampatsanso mkazi womtumikira, amene dzina lake la udindo ndi Salima. Apa mpamene pali chodabwitsa chenicheni cha mbiri yonseyi: mafumu a dziko limene lidamupha ndiwo adayamba kutumiza nsalu zakuda ndi mitulo kwa iye, kupempha kwa wakufa chimene adachikana kwa wamoyo.

Bambo Schoffeleers adaona kuti nthanozi zikukumbukira nthawi ya nkhondo imene ufumu wa Lundu udakula, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500. M'nthawi imeneyo ankhondo otchedwa Azimba, amene iye adawalumikiza ndi Lundu, adasakaza dziko la m'mbali mwa Zambezi. Mu 1592 adagonjetsa Apwitikizi a ku Sena ndi Tete, napha wansembe wa chipani cha Dominiko Woyera, Nicolau do Rosário. Monga mwa kuwerenga kwake, Lundu adaononga kachisi wakale wa mvula amene sankamgonjera, namangitsa watsopano woyang'aniridwa ndi anthu ake. Ngati nditero, mfumuyo idachita pa dziko lonse chimene Mlauli adachita pa banja lake, ndiko kufuna kugwira dalitso ndi dzanja lamphamvu. Mphamvu zakezo zidathyoka msanga, pakuti mu 1622 Muzura, mothandizidwa ndi Apwitikizi, adamgonjetsa Lundu.

Wodziwa Malembo Oyera sangamve za mtsibweni wothamangitsa mwana wa mlongo wake osakumbukira Labani ndi Yakobe, m'buku la Genesis. Komatu Yakobe sadali wosalakwa monga M'bona wa m'nthano. Adagula ukulu wa Ezau, mkulu wake, ndi mbale ya mphodza pamene Ezauyo adali ndi njala. Pambuyo pake, mouzidwa ndi mai wake Rebeka, adavala zovala za Ezau, naphimba manja ndi khosi ndi zikopa za timbuzi, nanamiza Izaki, bambo wake wokalamba ndi wosapenya, kuti alandire dalitso la mwana woyamba. Mulungu adali atanena kale, anawo asanabadwe, kuti wamkulu adzatumikira wamng'ono. Chimene Yakobe akadachilandira podikira, adachilanda ponyenga, ndipo mtengo wake udali wowawa: adathawa kwao usiku ndi usana, ndipo Malembo sasimba kuti adaonananso ndi mai wake.

Ku Harani adakagwa m'manja mwa Labani, mlongo wa Rebeka, ndipo wonyenga adakumana ndi mnzake womposa. Adagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri kuti akwatire Rakele, koma kutacha adapeza kuti ampatsa Leya. Adagwiranso zina zisanu ndi ziwiri, ndi zina zisanu ndi chimodzi chifukwa cha ziweto, zonse pamodzi zaka 20, Labani nkumasinthasintha malipiro ake kakhumi. Ziweto za Yakobe zitaswana, ana a Labani adayamba kunong'ona kuti walanda chuma cha bambo wao, ndipo nkhope ya Labani idasintha. Ndi mtima womwe uja wa Mlauli: Labani adavomera yekha kuti Mulungu adamdalitsa chifukwa cha Yakobe, koma sadapirire kuona mwana wa mlongo wake akulemera.

Yakobe adathawa mobisa, Labani namlondola masiku asanu ndi awiri, nampeza ku mapiri a Gileadi. Kufikira apa mbiri ziwirizi zikuyenda njira imodzi. Apa mpamene zisiyana. Mulungu adachenjeza Labani m'maloto, ndipo Labani adamvera. Adakangana ndithu, aliyense natulutsa za kukhosi, koma potsiriza adaunjika miyala ikhale mboni pakati pao, nadyera pamodzi, ndipo m'mawa Labani adampsompsona ana ake ndi adzukulu ake, nawadalitsa, nabwerera kwao. Ku Gileadi kudatsala mulu wa miyala. Ku Ndione kudatsala mtsinje wa magazi.

Padatsala Ezau, amene ankabwera ndi amuna 400. Usiku umenewo, pa dooko la Yaboki, Yakobe adatsala yekha, wopanda chikopa cha mbuzi, wopanda mai womuuza chochita. Adalimbana ndi munthu wosadziwika mpaka mbandakucha, nagwidwa pa nyung'unyu, ndipo pofunsidwa dzina adatchula lakelake, iye amene kale adadzitcha Ezau pamaso pa bambo wake. Pamenepo mpamene adalandira dalitso lopempha, ndi dzina latsopano la Israele. Adapita kwa mkulu wake akutsimphina, nawerama kasanu ndi kawiri, ndipo Ezau adamthamangira namkumbatira, onse awiri nalira.

Aphunzitsi a m'chigwa amadziwa kuti milandu yotere simafuna mikondo kuti iononge mudzi. Dimba la m'mbali mwa Shire, ng'ombe za malemu, dzina la unyakwawa, ngakhale mwana amene wapambana sukulu pamene a mnzake adalephera, zonsezi zakwanira kuti mbale anenere mbale ufiti. Pakati pa Asena, amene cholowa chimatsata kwa bambo, mkangano umagwa pakati pa ana a mimba imodzi kapena a mitala. Pakati pa Amang'anja umagwa pakati pa ana a munthu ndi ana a mlongo wake. Mlauli adayamba ndi kusirira, kumene lamulo lakhumi liletsa, napitirira ku umboni wonama wa lamulo lachisanu ndi chitatu, natsirizira pa kupha kwa lamulo lachisanu. Mphunzitsi wofuna kuonetsa ophunzira ake kuti tchimo limabala linzake sasowa kukatenga chitsanzo kutali.

Pali mau ena amene Bambo Schoffeleers adawamva m'midzi, akuti M'bona ndi Yezu wa anthu akuda. Nkosavuta kuona kumene maganizo amenewa adachokera, pakuti uyu ndi munthu wochitira anthu zabwino, woneneredwa mabodza ndi akwao, wodzipereka yekha kwa omupha. Mphunzitsi asawaseke amene amatero, koma asawavomereze. Mutu wa M'bona uli ku Khulubvi, pamene manda a Ambuye Yezu adapezeka apululu. Ndipo Ambuye sadafere mtundu umodzi. Lamulo loyamba limaletsa mkristu kukathira nsembe pa kachisi, ndipo pa chilala Eklezia ali nawo mapemphero ake opempha mvula kwa Mwini wake.

Nkhalango ya Khulubvi ilipobe, pafupi ndi boma la Nsanje. Mitengo yake sidulidwa, ndipo pamene dziko lozungulira lidayera ndi nkhwangwa ndi makasu, iyo idakali yowirira. Mu 2011 boma la Malawi lidailembetsa pa mndandanda woyembekezera wa UNESCO wa malo ofunika kusungidwa, pamodzi ndi malo ena amene anthu amati M'bona adapumulapo pothawa mtsibweni wake.