Otto Schott, katswiri wa galasi

Inu a ku Tsangano ndi ku Macanga mumakudziwa kuzizira kwa mwezi wa Juni. Uci umalimba, umatsika pasupuni mwaulesi. Mukauika padzuwa, umayamba kuyenda msanga. Galasi nalonso n'cimodzimodzi. Pamoto limayenda ngati uci. Likamazizira, limacepetsa liwiro mpaka kuuma. Koma likauma, m'kati mwake limakhala likusinthabe pang'onopang'ono, kwa miyezi ngakhale zaka.

Munthu amene analimbana ndi khalidwe limeneli ndi Otto Schott. Anabadwa mu 1851 ku Witten, m'dziko la Germany. Bambo ake anali opanga magalasi. Mu 1882 anasamukira ku Jena, ndipo mu 1884 anatsegula fakitale pamodzi ndi Ernst Abbe ndi Carl Zeiss.

Masiku amenewo zoyezera kutentha zinkanama. Galasi lake likatenthedwa linkafufuma, koma likazizira silinkabwerera msanga mmene linalili. Ndiye muyeso unkalakwika. Tangoganizani, dokotala akuyeza wodwala ndi cida conama!

Schott sanatope. Ankasungunula mcenga, n'kuusakaniza ndi zinthu zosiyanasiyana, kuyesa ici, kuyesa ico. Mapeto ake anapeza galasi losasinthasintha, ndipo zoyezera zinayamba kunena zoona. Kenako anapanga galasi lina losasweka msanga likatenthedwa, loyenera nyali ndi mabotolo a asayansi.

Anamwalira mu 1935 ku Jena. Fakitale ya dzina lake ikupangabe magalasi mpaka lero, ena mwa iwo ndi a timabotolo ta katemera.