Cecil Rhodes: mwini dayamondi yemwe ndalama zake zidafika ku Domasi

Kuno kwathu kulibe mgodi wa dayamondi. Miyala yamtengo wapatali yomwe timaimva kwambiri ndi ija ya ku Chimwadzulu m'boma la Ntcheu. Komatu ndalama za dayamondi zidafikapo m'chigwa cha Domasi ndi m'mbali mwa nyanja, ndipo zidabwera ndi mfuti. Mwini ndalamazo, Cecil John Rhodes, sadapondeko m'dziko muno ngakhale tsiku limodzi.

Rhodes adabadwa pa 5 Julaye 1853 ku Bishop's Stortford m'dziko la England, ndipo bambo ake adali m'busa. Poti adali wodwaladwala, mu 1870 adamutumiza ku Natal kuti akalime thonje ndi mkulu wake Herbert. Thonjelo sadalilime nthawi yaitali, chifukwa mbiri ya dayamondi idali itawanda kale.

Kwa zaka mazanamazana dayamondi ankachokera ku India, makamaka dera la Golconda, ndipo cha m'ma 1720 adapezekanso ku Brazil. Konseku anthu ankachita kusefa mchenga ndi timiyala ta m'mitsinje. Mu 1867 mnyamata wina adatola mwala wonyezimira pafupi ndi Hopetown, m'mbali mwa mtsinje wa Orange ku South Africa. Mu 1871 dayamondi adapezeka pa kaphiri kena kutali ndi mtsinje, pomwe lero pali mzinda wa Kimberley, ndipo anthu adadabwa kuona kuti akamakumba kunka pansi ankangomupezabe.

Chifukwa chake n'chakuti dayamondi amapangika pansi penipeni, makilomita 150 kapena kuposerapo, ndipo amakwera pamwamba ndi chiphalaphala cha mapiri omwe adaphulika kalekale. Thanthwe lomwe limamusunga adalitcha kimberlite potengera dzina la Kimberley. Ndi thanthwe lomweli akukumba lero ku Jwaneng ndi ku Orapa m'dziko la Botswana, ku Yakutia m'dziko la Russia, kumpoto kwa Canada, ku Catoca m'dziko la Angola, komanso ku Mwadui kwa anansi athu a ku Tanzania.

Rhodes adafika ku Kimberley ali ndi zaka 18. Maenje atazama, madzi ankadzaza, ndipo iye ndi mnzake Charles Rudd adapeza ndalama popopa madziwo ndi makina. Okumba ang'onoang'ono akatopa, poti thanthwe lapansi lidali lolimba, Rhodes ankawagula malo awo mmodzimmodzi. Mu 1888 adakhazikitsa kampani ya De Beers Consolidated Mines, ndipo mu 1889 kampaniyo idalemba cheke cha mapaundi 5,338,650 pogula mgodi wa omwe ankapikisana nayo. Pasanathe nthawi, pa dayamondi khumi aliyense wokumbidwa pa dziko lapansi, pafupifupi asanu ndi anayi ankachokera m'manja mwake. Nzeru yake idali yosavuta kuimva: wogulitsa akakhala mmodzi, amatulutsa katundu pang'onopang'ono kuti mtengo usagwe.

Okumbawo adali anthu akuda. Kuyambira cha m'ma 1885 ankawatsekera m'makomponi mpaka nthawi ya ntchito yawo itatha, ndipo asanawatulutse ankawasecha thupi lonse, poopa kuti ameza mwala. Kakhalidwe ka m'komponi kotereka kadafalikira ku migodi ya golide, ndipo ndi komwe agogo athu adakakapeza atapita ku Joni.

Chuma chitachuluka, Rhodes adayang'ana kumpoto. Mu 1889 adalandira chilolezo cha Mfumukazi Victoria chokhazikitsa British South Africa Company, ndipo mu 1890 adakhala nduna yaikulu ya Cape. Apa ndi pomwe mbiri yake ikukumana ndi yathu. Boma la Britain linkafuna dziko lino koma silinkafuna kuonongerapo ndalama zambiri. Ndiye Harry Johnston atabwera mu 1891 kudzayamba boma ku Zomba, kampani ya Rhodes idavomera kumamupatsa mapaundi 10,000 pachaka. Ndalamazi zidathandiza kulipira asilikali, kuphatikizapo Asikh ochokera ku India.

Asilikaliwo adalimbana ndi mafumu a Chiyao. Mu Disembala 1891 mkulu wawo, Kaputeni Cecil Maguire, adaphedwa panyanja ndi anthu a Makanjira, mfumu yomwe mudzi wake udali umodzi mwa midzi yoyamba kulandira Chisilamu kunyanja. Mu 1893 Rhodes adaonjezera ndalama zina zoti akamenyere Makanjira, ndipo linga la Fort Maguire lidamangidwa m'dera lake. Chaka cha 1895 ndicho chidamaliza zonse. Kawinga adatsika ku phiri la Chikala kudzathira nkhondo kwa Malemia, kufupi ndi mishoni ya Domasi, koma adagonja ndipo malo ake a kuphiri adalandidwa. Chaka chisanathe, Jalasi, Mponda ndi Makanjira nawonso adagonja.

Tisabise kanthu apa: ena mwa mafumuwa ankagulitsa akapolo, ndipo mabanja ambiri adapuma malondawo atatha. Koma Rhodes sadapereke ndalamazo chifukwa cha chisoni. Ankafuna njira ya ulamuliro wa Britain kuchokera ku Cape mpaka ku Cairo, ndipo nyanja yathu idali pa njirayo. Waya wake wa telegirafu adadutsa ku Blantyre, ku Zomba, ku Fort Johnston komwe lero timati Mangochi, ku Nkhotakota mpaka ku Karonga. Pambuyo pa nkhondozo padatsala msonkho, ndipo msonkhowo udakankhira amuna ambiri kukafuna ndalama kutali ndi kwawo.

Ulemerero wake udayamba kutha mu Januwale 1896, pomwe adatula pansi udindo wa nduna yaikulu chifukwa cha chiwembu cha mnzake Jameson chofuna kulanda boma la Transvaal. Adamwalira ndi matenda a mtima pa 26 Malichi 1902 ku Muizenberg, ali ndi zaka 48, wosakwatira, ndipo adaikidwa pa mapiri a Matobo ku Zimbabwe. Wa kubanja kwawo yemwe adafika kuno ndi Herbert uja, amene adamwalira atapsa ndi moto mu 1879 ndipo adaikidwa m'mbali mwa mtsinje wa Shire.