John Venn: Wansembe Amene Dzina Lake Lidatsala pa Bolodi

Aliyense amene adadutsa kusekondale m'Malawi muno adajambulapo mizere yozungulira iwiri kapena itatu yolowerana, yonga mikombero ya malichero osanjikizana, mkati mwa bokosi la makona anayi. Aphunzitsi a masamu amatiuza kuti chithunzicho n'cha Venn, ife n'kuloweza dzinalo pamodzi ndi mawu ena monga union ndi intersection, osafunsako kuti kodi Venn ndi munthu, mzinda kapena chida cha mu labotale. M'nkhani ino ndikufuna kufotokoza za moyo wa mwini dzinali, John Venn, chifukwa ndikuona kuti chimene iye ankafuna pojambula mikomberoyi n'chosiyanako ndi chimene ambiri a ife timachita nayo pokonzekera mayeso a MSCE. Nkhaniyi ikukhudzanso ife ophunzira zilankhulo, popeza ntchito yaikulu ya munthuyu idali pa tanthauzo la timawu ting'onoting'ono monga onse, ena, palibe, komanso kapena.

John Venn adabadwa pa 4 Ogasiti 1834 mu mzinda wa Hull ku England, m'banja limene unsembe wa mpingo wa Anglican udali ngati cholowa cha pamtundu. Agogo ake, amenenso dzina lawo lidali John Venn, adali wansembe ku Clapham, pafupi ndi London, ndipo ankagwira ntchito limodzi ndi a William Wilberforce pomenyera kuti malonda a akapolo athe. Iwo adali m'gulu la anthu amene adayambitsa bungwe la Church Missionary Society m'chaka cha 1799. Bambo ake, a Henry Venn, adakhala mlembi wa bungwe lomweli kuyambira mu 1841 kwa zaka zoposa 30. Amakumbukiridwa chifukwa cholimbikira kuti mipingo ya mu Africa ikhale yodzilamulira, yodzidalira pachuma ndiponso yofalitsa uthenga payokha, ndipo adathandiza kwambiri kuti a Samuel Ajayi Crowther a ku Nigeria adzozedwe kukhala bishopu mu 1864. Bungwe lawoli si limene lidabweretsa mpingo wa Anglican kwathu kuno, pakuti kuno adafika ndi a UMCA amene adamanga ku Magomero mu 1861, koma n'zokwanira kutisonyeza kuti mwanayu adakulira m'nyumba mmene dzina la Africa linkatchulidwa kawirikawiri.

Amayi ake adamwalira iye akali wamng'ono, ndipo adaleredwa mwamwambo wokhwima wachipembedzo. Palibe amene ankakayika kuti nayenso adzavala kolala yoyera. Mu 1853 adalowa koleji ya Gonville and Caius pa yunivesite ya Cambridge, ndipo pa mayeso otsiriza a masamu mu 1857 adakhala nambala 6. Chaka chomwecho adasankhidwa kukhala mmodzi wa akuluakulu a kolejiyo, udindo umene adakhala nawo mpaka imfa. Adadzozedwa unsembe mu 1859 ndipo adatumikirako ku Cheshunt ndi ku Mortlake. Koma mu 1862 adabwerera ku Cambridge kukaphunzitsa, makamaka phunziro lotchedwa logic, limene limaunika ngati mfundo imene munthu wafikapo ikuchokeradi m'zimene wanena poyamba. Mabuku a John Stuart Mill, Augustus De Morgan ndi George Boole ndiwo adamukoka mtima. Buku lake loyamba lotchuka, The Logic of Chance, lidatuluka mu 1866. M'bukumo adanena kuti mwayi woti chinthu chichitike tisamauyese ndi mmene mtima wathu ukukhulupirira, koma ndi kuchuluka kwa nthawi zimene chinthucho chachitika tikachiyang'anitsitsa maulendo ambirimbiri.

Tsopano tifike pa mikombero ija. Venn sindiye adayamba kuigwiritsa ntchito. Katswiri wa masamu wa ku Switzerland, Leonhard Euler, adaifalitsa kale m'makalata amene adasindikizidwa kuyambira mu 1768, ndipo Venn mwiniwake ankaitcha mikombero ya Euler. Dzina loti chithunzi cha Venn lidabwera pambuyo pake; Clarence Irving Lewis wa ku America adaligwiritsa ntchito m'buku lake la mu 1918. Ndiye funso n'lakuti, nanga Venn adaonjezapo chiyani?

Ndipereke chitsanzo cha kwathu kwa Nthache, m'boma la Mwanza, kumene manachesi ndi mbewu yodziwika. Tiyerekeze kuti munthu wina wanena kuti aliyense wolima manachesi m'mudzi muno ali m'kalabu ya alimi. Wotsata njira ya Euler ajambula kamkombero ka olima manachesi mkati mwa mkombero waukulu wa a m'kalabu. Chithunzicho n'chooneka bwino, koma chanena zoposa zimene tauzidwa. Chikusonyeza ngati m'kalabumo mulinso anthu ena osalima manachesi, chonsecho wolankhula uja sadatero. N'kutheka kuti olima manachesi ndi a m'kalabu ndi anthu amodzimodzi. Choncho wojambula wakakamizika kusankha yankho asanamve nkhani yonse, ndipo akauzidwa mfundo ina yachiwiri angafunike kufufuta zonse n'kuyambiranso.

Njira ya Venn, imene adaifotokoza m'nkhani yake ya mu magazini ya Philosophical Magazine mu Julaye 1880 ndiponso m'buku la Symbolic Logic mu 1881, imayamba ndi kujambula zigawo zonse zimene zingatheke, munthu asanadziwe ngati muli kanthu kapena ayi. Mikombero iwiri yolowerana imapereka zigawo 4: olima manachesi okha, a m'kalabu okha, amene ali konsekonse, ndi amene sali kulikonse. Itatu imapereka zigawo 8. Kenaka mfundo iliyonse imene tauzidwa imangotithandiza kudetsa zigawo zimene tatsimikiza kuti n'zopanda munthu. Tiyeni tionjeze mkombero wachitatu, wa anthu amene ali ndi ngongole ya fetereza. Mfundo yoyamba, yoti aliyense wa manachesi ali m'kalabu, ikutiuza kuti tidetse mbali yonse ya mkombero wa manachesi imene ili kunja kwa kalabu. Mfundo yachiwiri ikhale yoti palibe wa m'kalabu amene ali ndi ngongole. Tidetsa pamene kalabu yalowerana ndi ngongole. Tikayang'ana tsopano pamene manachesi alowerana ndi ngongole, tipeza kuti tizigawo tiwiri tonse ta pamenepo tadetsedwa kale. Ndiye kuti palibe wolima manachesi amene ali ndi ngongole, ndipo yankholi sitidalilembe ndife, laoneka lokha. Chigawo chimene sichidadetsedwe sichikutanthauza kuti muli anthu. Chikungotanthauza kuti palibe amene watiuza kuti n'chopanda kanthu. Kwa ine apa ndiye pagona luso lonse la Venn, pakuti chithunzi chake chimakana kunena chimene sichidauzidwe.

Pali chinthu chimodzi chimene chingasokoneze wophunzira wa lero atatsegula buku la Venn. Kusukulu, akati tidetse chigawo, amatanthauza kuti chigawocho ndicho tikuchifuna. Kwa Venn kudetsa kunkatanthauza kuti mulibe kanthu. Ngakhale bokosi la makona anayi limene timazinga nalo mikombero, loimira zinthu zonse zimene tikukambirana, silidali m'zithunzi zake zoyamba. Lewis Carroll, mlembi wa nthano za ana amenenso adali mphunzitsi wa masamu ku Oxford, adamudzudzula chifukwa chosiya chigawo chakunja chopanda mpanda. Venn adaonanso kuti mikombero inayi yozungulira bwinobwino singapereke zigawo 16 zimene zimafunika pa magulu anayi, motero adajambula ina yooneka ngati dzira.

Kunena zoona, Venn sankaganiza za maseti monga timawaphunzirira lero. Phunziro la maseti adaliyambitsa ndi Georg Cantor wa ku Halle ku Germany, kuyambira ndi nkhani yake ya mu 1874, ndipo zizindikiro za ∪ ndi ∩ adazibweretsa ndi Giuseppe Peano wa ku Italy mu 1888. Zinthu zitatuzi zidadzakumana m'mabuku a ana a sukulu m'zaka za m'ma 1960, pamene mayiko ambiri adasintha kaphunzitsidwe ka masamu. Kuno ku Africa misonkhano yolemba mabuku otere idayamba kuchitikira ku Entebbe, m'dziko la Uganda, mu 1962. Kuchokera pamenepo chithunzi cha Venn chidasanduka chida chowerengera. Mwachitsanzo, ndi manambala ongoyerekeza, mudzi uli ndi mabanja 40. Mabanja 25 ali ndi manachesi, 18 ali ndi mbuzi, ndipo 10 ali ndi zonse ziwiri. Wofulumira aphatikiza 25 ndi 18 n'kupeza 43, kuposa mabanja a m'mudzimo, chifukwa mabanja 10 aja wawawerenga kawiri. Woyamba ndi kulemba 10 pakati, pa intersection, aona kuti a manachesi okha ndi 15 ndipo a mbuzi zokha ndi 8. Union ikhala 33, ndipo mabanja 7 otsala, amene ali kunja kwa mikombero yonse, ndiwo complement. Ntchito imeneyi ndi yabwino ndipo imathandiza, koma n'kagawo kochepa chabe ka zimene chithunzichi chidapangidwira.

Pa nkhani ya union pali mkangano umene anzanga a zilankhulo angaukonde. Mayi akafunsa mlendo kuti amwa tiyi kapena thobwa, amayembekezera kuti asankha chimodzi. Koma mlangizi wa ziweto akalengeza kuti aliyense amene ali ndi mbuzi kapena nkhumba abwere kumsonkhano, mwini mbuzi amene alinso ndi nkhumba satsala pakhomo. Liwu ndi limodzi lomwelo, matanthauzo ndi awiri, ndipo Chingerezi nachonso chili ndi vuto lomweli. Boole ankaphatikiza magulu pokhapokha ngati sakulowerana, pamene William Stanley Jevons adalimbikira kuti amene ali konsekonse aziwerengedwa nawo. Venn poyamba adaima ndi Boole, koma pokonzanso buku lake mu 1894 adalandira maganizo a Jevons. N'chifukwa chake union ya m'kalasi imatsata kapena wa mlangizi, osati wa mayi wa thobwa. Ndimaganiza kuti ophunzira ambiri amene amalephera mafunso a maseti sikuti masamuwo awakanika, koma kuti palibe amene adakhala nawo pansi kuwamasulira kaliwu kameneka m'chilankhulo chawo.

Pamene ankalemba zonsezi, Venn adali akali wansembe, koma mumtima mwake mudali nkhondo. Wansembe wa Anglican ankayenera kuvomereza mfundo 39 za chikhulupiriro cha mpingowo, ndipo munthu amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku idali kufunsa ngati mawu akunenadi zimene akuoneka kuti akunena adafika poona kuti sangapitirize kuzivomereza zonse ndi mtima umodzi. Mu 1869 adakamba nkhani zingapo ku Cambridge zoyerekeza kukhulupirira kwa sayansi ndi kwa chipembedzo, umboni woti funsoli lidamuvutitsa nthawi yaitali. Lamulo lolola ansembe kutula pansi unsembe lidakhazikitsidwa mu 1870, koma iye adadikira mpaka 1883, bambo ake atamwalira zaka 10 zapitazo. Aliyense wochokera kubanja la abusa kapena la akuluampingo angamvetse kulemera kwa chinthu chotere: kudula chingwe chimene makolo adachigwira mibadwomibadwo, popanda mlandu, popanda wokuthamangitsa. Akadatha kungokhala chete n'kumaphunzitsa, pakuti sankayang'anira tchalitchi chilichonse. Chochititsa chidwi n'chakuti sadasiye chipembedzo. Mwana wake adachitira umboni kuti bambo ake adakhalabe munthu wachikhulupiriro moyo wawo wonse. Adachoka m'gulu la ansembe, koma m'gulu la okhulupirira adatsalamo. Chaka chomwecho cha 1883 adasankhidwa kulowa m'bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society, ndipo mkazi wake, Susanna Edmonstone, adabereka mwana wawo mmodzi yekhayo, John Archibald.

Atatulutsa buku la The Principles of Empirical Logic mu 1889, chidwi chake chidatembenukira ku mbiri yakale. Adalemba mbiri ya koleji yake, ndipo mu 1904 adatulutsa buku la mbiri ya banja lawo la ansembe, lomwe lija adasiyana nalo njira. Kuyambira mu 1903 adali pulezidenti wa koleji ya Gonville and Caius. Adalinso ndi luso la manja: adapanga makina oponya mpira wa cricket amene adayesedwa pa osewera a ku Australia atabwera ku Cambridge mu 1909. Koma ntchito imene idamudyera zaka zake zotsiriza idali yolemba, mothandizana ndi mwana wake, kaundula wa munthu aliyense wodziwika kuti adaphunzirapo pa Cambridge kuyambira pachiyambi mpaka 1900, wotchedwa Alumni Cantabrigienses. Muli mayina oposa 130,000. Gawo loyamba lidatuluka mu 1922, ndipo Venn adamwalira ku Cambridge pa 4 Epulo 1923 ali ndi zaka 88. Mwana wake adapitiriza ntchitoyo mpaka kuimaliza mu 1954. M'holo yodyera ya koleji yake adaikamo zenera lagalasi lomukumbukira, lokhala ndi mikombero itatu yolowerana ya mitundu yosiyana.